Supuni ya M'mphindi Yomaliza

"Nyenyezi ziwiri," anatero Papa. "Munthu ali phee ku Paris, ku Fumay kuno sanapondeko, ndiye akupatsa khitchini yanga nyenyezi ziwiri."

"Nyenyezizo akupatsa filimu, wopusa iwe, osati khitchini," anayankha azakhali.

"Filimuyo anajambulira m'nyumba ya ndani?"

"Ndiye pita ukaionere, uzinyoza chinthu choti wachiona."

"Ndikaonere chiyani? Tebulo ili? Ndikuliona pompano, ndipo walidzaza ndi zigongono zako."

Linali Lachitatu, tsiku limene mafilimu atsopano amatuluka, ndipo azakhali a Ghislaine, mlongo wawo wamkulu wa Papa, anali atagula nyuzipepala zisanu n'kuziyala patebulo pathu. Ine ndinali pamasitepe, ndikunamizira kumanga zingwe za nsapato. M'thumba la jekete langa munali tikiti ya sitima ya Lolemba m'mawa, Charleville kenako Paris, yopita kokha. Azakhali ankadziwa. Papa sankadziwa. Ndinali nditalonjeza kuti ndidzawauza filimu ikadzatuluka, ndipo tsopano inali itatuluka.

Chimwalirireni Mama zaka zitatu zapitazo, ndinadzipatsa ntchito yodzaza nyumba. Wailesi ndinkayatsa ndisanasambe n'komwe. Ndinkaimba pamasitepe, kumenyetsa zitseko, kuwafotokozera Papa za kusukulu mpaka za anthu amene sankawadziwa. Ndinkakhulupirira kuti ndikangosiya, nyumbayo idzawameza. M'maganizo mwanga ndinali mtsikana wosunga nyali kuti isazime, ndipo ndinkadzikonda kwambiri chifukwa cha zimenezo. Koma mayeso omaliza ndinali nditakhoza mu Julayi, anzanga onse anali atabalalika, ndipo mtsinje wa Meuse unkayenda mwaulesi moti ndikauyang'ana ndinkafuna kuukankha.

Anthu a filimu anabwera chaka chatha mu Okutobala. Ankafuna khitchini yakale, ndipo yathu palibe anali atasinthamo kanthu. Azakhali ndi amene anawanyengerera Papa kuti alole. Filimuyo ankaitcha *Msuzi Wazizira*: ana atatu akuluakulu abwera kuchokera kumanda koika bambo awo, n'kuyamba kukangana kuti galu atenga ndani. Yoseketsa, koma yoti pomaliza umadzipeza ukufufuza mpango. Anakhala masiku asanu ndi anayi, anthu makumi atatu, zingwe zamagetsi mpaka kuchimbudzi. Ine anandipatsa mbale yoti ndidutse nayo kumbuyo kwa osewera.

Ndipo panali Thibault, wojambula mawu. Akamamvetsera ankatseka maso. Ndinali ndisanaonepo mwamuna womvetsera choncho, ndipo pofika tsiku lachiwiri ndinali nditasankha kale mayina a ana athu. M'mawa uliwonse ankazimitsa firiji yathu chifukwa imalira, n'kuika makiyi a galimoto yake mkatimo pafupi ndi batala, kuti asachoke asanaiyatsenso. Wotchi yapakhoma, akafuna kujambula, ankaiimitsa ndi chala chimodzi.

Ali ndi mwambo wawo anthu amenewa. Akatha kujambula m'chipinda, wojambula mawu amapempha mphindi imodzi ya bata. Aliyense amaima pomwe ali, osakhosomola, osasuntha phazi. Amati chipinda chilichonse chili ndi bata lakelake, ndipo amalifuna polumikiza zidutswa za filimu. Tsiku lomaliza, cha m'ma folo koloko masana, Thibault anakweza dzanja, khitchini yonse n'kuti zii. Papa anaima pambali panga, dzanja lawo lili paphewa langa, akundipsinja pang'ono podziwa kuti ndiseka. Ine ndinkangomva magazi anga m'makutu ndipo ndinkayang'ana zikope za Thibault.

Pakati pa mphindiyo zikope zija zinatseguka. Anayang'ana mpando wa pafupi ndi sitovu, mpando wa Mama. Panalibe munthu. Masiku onse asanu ndi anayi palibe anakhalapo, ngakhale kuti sitinawauze kanthu; ankangouzungulira okha. Mphindi itatha anavula mahedifoni n'kufunsa kuti ndani amatakasa kapu. Anthu anayang'anana. Panalibe wogwira kapu. Mayi wotsogolera filimu anamvetsera yekha, anamwetulira, nati chisungidwe. Ine ndinaiwala zonsezo madzulo omwewo, chifukwa Thibault analemba nambala yake pamkono panga ndipo ndinatha masiku awiri osasamba mkono umenewo. Nyengo yonse yachisanu tinkalemberana. Ndiye anandipezera malo ophunzira ntchito pa filimu ina, yonyamula zingwe, ndi kachipinda kwa msuweni wake.

"Tamvera kaye zimene walemba," anatero azakhali, akukonza magalasi.

Wolemba wa nyenyezi ziwiri uja anati ola loyamba ndi loseketsa, galu wasewera bwino kuposa anthu, koma mapeto ake ndi chinyengo chotsika. Kamera imasiyidwa m'khitchini mopanda munthu kwa mphindi yathunthu, ndipo pofuna kutifinya misozi aikamo kulira kwa supuni m'kapu, kuzungulira katatu, kenako kugogoda kawiri pamlomo pa kapuyo.

Mawu a azakhali anayamba kuchepa asanafike kumapeto kwa mzerewo.

Dokotala anawaletsa shuga Mama ine ndili wamng'ono, koma dzanja lawo silinamve. Tsiku lililonse folo koloko ankathira khofi wopanda kanthu, kutakasa katatu, kugogoda kawiri. Papa ankawaseka kuti akutakasa mpweya.

Azakhali anatenga nyuzipepala ina mofulumira, ngati wofuna kufufuta yoyambayo. Wolemba wake anapereka nyenyezi zisanu. Anati supuni ya m'mphindi yomaliza ndi wosewera wabwino kuposa onse chaka chino, ndipo n'zachisoni kuti dzina lake mulibe pa mndandanda wa kumapeto. Wachitatu sanatchule supuni. Iye anayamikira kulira kwa mpando, monga umachitira munthu wotopa akatsamira. Wachinayi anakwiya kuti wotsogolera filimu wataya mphindi yathunthu pa chinthu chopanda kanthu, chopanda ngakhale ntchentche. Onsewa anaonera limodzi, m'holo imodzi, tsiku limodzi.

Papa anapinda nyuzipepala yoyamba ija kanayi, bwinobwino, n'kuiika pansi pa mbale ya buledi. Anatuluka kupita kudimba lawo la nyemba. Azakhali anayang'ana mpando uja, kenako anandiyang'ana ine, nati akuchedwa kokonzetsa tsitsi. Tsitsi anali atakonzetsa dzulo lake.

Ndinamuimbira Thibault ndili pamlatho, kuti Papa asamve. Ndinamufunsa ngati anaikamo yekha supuniyo. Anaseka, koma sikunali kuseka kwake kumene ndinkakudziwa. Anati sanaikemo kanthu. Ndipotu, anatero, iye anayesa kuichotsa. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mapiri ndi zigwa, ukafuna kudula phokoso umadula phiri lake. Pa mphindi imeneyo mzere uli wowongoka ngati ulusi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palibe choti udule. Mnzake wogwira naye ntchito anamvetsera kasanu ndipo sanamve chilichonse.

"Usaziganizire, Ludivine," anatero. "Lolemba ndikudikira pa siteshoni. Ubweretse nsapato zolimba."

Ndiyenera kunena zoona pano, ngakhale sizikundikongoletsa. Mantha ndinachita, inde. Koma pansi pa manthawo panatuluka kachimwemwe konyansa. Ngati Mama akadali m'khitchini muja, ndiye kuti Papa sakhala okha. Ndiye kuti ndikhoza kukwera sitima. Chinkangofunika n'chakuti Papa amve ndi makutu awo, ndipo ndinali ndi masiku anayi.

Lachinayi ndinawayamba ndi nthabwala. Ndinati mwana wawo ali mu filimu ndipo bambo wosapita kukaona chigongono cha mwana wake pa chinsalu chachikulu ndi bambo wanji. Anati chigongono changa amachiona tsiku lililonse m'mbale ya batala. Lachisanu ndinawawerengera zimene anthu wamba ankalemba pa intaneti. Mayi wina wa ku Lille anamva munthu akupuma pafupi ndi khutu lake lamanzere, mpaka anatembenuka, koma mpando wa pambali pake unali wopanda munthu. Bambo wina wa ku Namur anati anamva mawu a mkazi akutchula dzina lalifupi, motsitsa, monga amachitira munthu poitana wina wa m'chipinda china amene akudziwa kuti ali pafupi. Papa anapitiriza kusenda mbatata. Khungu la mbatata linkatsika lalitali, losaduka.

"Mkazi wanga si woti anthu azimupatsa nyenyezi," anatero pomaliza.

Masana a Loweruka, Papa ali kudimba, ndinayesa ndekha. Itatsala pang'ono folo koloko ndinakhala patebulo moyang'anana ndi mpando uja, manja pamiyendo. Dzuwa linali pakhoma la matailosi obiriwira. Firiji inkalira. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi, ndinamva kuti khitchini ikundiyang'ana kuchokera kumbuyo, pamene kulibe windo. Pa khumi ndi zisanu mpweya wa pafupi ndi sitovu unaoneka ngati walemera, monga umachitira pamwamba pa msewu kukatentha, koma sitovu inali yozima. Pa makumi awiri ndinadzipeza ndikung'ung'udza kanyimbo. Sindinafune. Kanangotuluka kokha, ndipo kulemera kuja kunachoka. Ndinathamangira kuchipinda n'kukayala zovala zanga pabedi, kuzipinda, kuziyalanso.

M'tauni nkhani inali itafika kale. Mayi wogulitsa buledi anandipatsa keke ya shuga osaitanitsa, n'kundigwira dzanja nthawi yaitali. Holo yathu yaing'ono ya mafilimu inkaonetsa *Msuzi Wazizira* kamodzi kokha mlungu umenewo, Lamlungu thu koloko, ndipo mipando yonse inali itatha. Azakhali anali atasungitsa itatu.

Anafika Lamlungu ili wani koloko, atanyamula malaya a Papa oyera amene anawatenga mobisa n'kukawasita kwawo.

"Vala, Armand."

"Sindikupita."

"Tauni yonse ikukamva mkazi wako, iwe ukhale pano ukumvera nyemba zikukula? Unali wamantha uli mwana, ngakhale kuchipinda cha pansi pa nyumba ndinkakuperekeza ine kukatenga malasha."

"Unkandiperekeza kuti ukanditsekere komweko."

"Ndipo unatulukamo wamoyo. Vala."

Papa anayang'ana malayawo nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana ine, ndipo ndikuganiza kuti nkhope yanga inali ngati ya galu wa pachitseko. Anavala.

Ola loyamba holo yonse inkaseka. Tinkaseka nthabwala, koma makamaka tinkaseka tokha: msewu wa ku siteshoni utaoneka wautali kuposa momwe ulili, madenga athu akuda atanyowa ngati okongola, wansembe wa m'filimu atakwera njinga ya mwamuna wa mayi wa buledi. Chigongono changa chinadutsa ndi mbale yake, ndipo azakhali anakuwa dzina langa, anthu n'kuwomba m'manja. Nkhope yanga anaidula. Ndinakhumudwa kwa mphindi zingapo, mpaka ndinaiwala chimene tinabwerera. Papa anaseka kamodzi, pamene galu anadya nyama ya pamaliro.

Kenako ana atatu aja anagwirizana, anatuluka mmodzimmodzi, chitseko chinatsekedwa. Kamera inatsala.

Khitchini yathu inali yaikulu ngati tchalitchi. Tebulo, matailosi obiriwira, wotchi itaima pa folo koloko, mpando. Ndinazindikira kuti bata limene linadzaza holoyo linali lathu lenileni, la m'nyumba mwathu, ndipo mkati mwake munali ife tonse amene tinaima tsiku lija osaoneka, ine ndi Papa pakona, tikupuma mobisa. Anthu mazana awiri anasiya kutafuna.

Inayamba chapansipansi, kumanja kwa chinsalu, kumene kuli sitovu. Chitsulo chikukhudza kapu yadothi. Kamodzi. Kawiri. Katatu, kachitatuko mochedwerako, monga ankachitira akamaganiza zina. Kenako kugogoda kawiri.

Dzanja la Papa linafika paphewa langa n'kundipsinja, pamalo omwe aja. Kutsogolo kwathu nkhalamba ina inachita chizindikiro cha mtanda. Mpando wa pachinsalu sunasunthe, koma unalira, ndipo pambuyo pake panabwera kupuma kwakufupi, kumene munthu amakoka akafuna kuyamba kulankhula. Thupi langa lonse linapendekera kutsogolo. Chinsalu chinada, mayina anayamba kukwera.

Palibe anawomba m'manja. Magetsi atayaka anthu anatuluka moyang'ana pansi, ndipo amene anadutsa pafupi ndi Papa ankawakhudza pamkono. Panja kunali dzuwa lowala mopanda ulemu. Azakhali ankalira, akupukuta mphuno mwaukali.

"Ine sindinamve kanthu," anatero. "Olo kanthu. Mlamu wanga Odile sankandikonda ali moyo, ndiye angandilankhule lero?"

Papa anawapsompsona pamasaya onse awiri, chinthu chimene sachita kawirikawiri, n'kuwauza kuti apite kwawo akapume. Ife awiri tinayenda m'mbali mwa mtsinje. Mumtima ndinkayeseza mawu anga. Ndinali nditawakonza bwino kwa milungu ingapo, okoma, okhala ndi malo opumira. Koma kupuma kuja kwa pachinsalu kunali kutandisokoneza. Mama ankafuna kunena chinachake. Nanga chikanakhala chakuti ndisapite? Nanga dzina lalifupi limene anamva bambo wa ku Namur linali langa? Pofika pachipata chimwemwe changa chonyansa chija chinali chitatha. Ndinali nditaganiza zong'amba tikiti, ndipo ndinkadziona kale nditakalamba pawindo, wokongola mwachisoni, Thibault akundikumbukira ku Paris moyo wake wonse.

M'khitchini wotchi inkati kwatsala mphindi khumi kuti ikwane folo. Papa sanavule malaya oyera. Anateleka madzi, anatulutsa makapu atatu. Yachitatu inali ya maluwa abuluu, imene inkakhala kumbuyo kwenikweni kwa kabati. Anagwada kuseri kwa firiji n'kuzula chingwe chake, kulira kuja n'kutha. Anatsegula chitseko chake, anaika makiyi a nyumba pafupi ndi batala. Kenako anakwera pampando wawo n'kuimitsa wotchi ndi chala chimodzi. Ankachita zonsezi mosazengereza, mwadongosolo lomwe lija la Thibault, ndipo ndinazindikira kuti sikanali koyamba.

Anathira khofi. Kapu ya maluwa anaiika patsogolo pa mpando wa pafupi ndi sitovu, supuni pambali pake. Anakhala pansi.

Ine ndinayamba kulankhula. Mawu okonzeka aja sanabwere, kunabwera chigumula. Ndinawauza za tikiti, za Thibault, za zingwe, za kachipinda kwa msuweni. Ndinati ndine mwana woipa, ndinkafuna kuwasiya okha ndi supuni. Ndinati sindipitanso, kapena ndipita chaka chamawa, kapena ndizibwera Lachisanu lililonse, ndiziimba foni katatu patsiku, ndiwagulira wailesi ina ya kuchipinda, sindidzalola kuti nyumba ino ikhale zii ngakhale tsiku limodzi. Ndinalira, ndinaimirira, ndinagunda tebulo ndi bondo, khofi wa m'kapu ya maluwa n'kugwedezeka. Papa anaika dzanja pambali pa kapuyo mpaka khofi anakhazikika.

"Tikitiyo ndinaiona kalekale," anatero. "Jekete lako amachapa ndani?"

Ndinakhala pansi.

"Ndiye simunanene kanthu bwanji, Papa?"

"Ndikananena nthawi yanji? Umasiya mpata?"

Sananene mokalipa. Ankayang'ana utsi wa khofi umene unkakwera pamwamba pa kapu ya maluwa, wowongoka, kenako n'kupendekera mbali imodzi ngakhale mawindo onse anali otseka.

"Tsiku lija, anthu aja ataima, ine ndinamumva popanda mahedifoni," anatero. "Kamodzi kokha pa zaka zitatu. Panafunika anthu makumi atatu ochokera ku Paris kuti iwe utseke pakamwa mphindi imodzi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa ukakhala kusukulu, koma folo koloko umakhala wafika kale, chitseko pha, nsapato, nyimbo. Ndikudziwa kuti umachitira ine. N'chifukwa chake ndinkalephera kukuuza."

"Kundiuza chiyani?"

Anatembenuza supuni ija kuti chogwirira chake chiloze kumpando. Kenako anandigwira dzanja, lawo linali lofunda, ndipo anandiyang'ana m'maso.

"Ndikufuna upite mawa, Ludi. Upite ndi sitima yakoyo, ukasangalale, uziimba foni Lamlungu m'mawa. Mayi ako anakoka mpweya kuti anene chinachake, ndipo ine ndikufuna m'nyumba muno mukhale zii, ndimve kuti n'chiyani."